Kusamutsa Chithunzi Chosanjikiza Popanga Katuni Waufupi

M'mapanga ena a kuno ku chigaŵo cha Kum'maŵa, monga la Kalemba ku Chadiza, la Makwe ku Katete ndi la Thandwe ku Chipata, muli zithunzi zimene anthu akale anajambula pamiyala. Kutsidya kwa malire, kumapiri a Chongoni ku Dedza m'dziko la Malaŵi, kuli malo 127 a zithunzi zotere, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira, zimene zili zakale koposa, anajambula Akafula. Zoyera anajambula alimi amene anadza pambuyo pake, makolo a Acheŵa. Pamalo ena zoyerazo zinapakidwa pamwamba pa zofiira. Lero palibe munthu amene angathe kunyamula choyeracho kuti aone bwino chofiira chimene chili pansi, pakuti mwala unagwira zonse ziŵiri nuzisandutsa chinthu chimodzi.

Wojambula wa masiku ano ali ndi mwaŵi umene akalewo analibe. Pakompyuta kapena pafoni angathe kujambula thambo palokha, nyumba payokha, munthu payekha, nkuzisanjikiza monga mapepala oonekera ngati galasi. Pepala lililonse lotere akatswiri amalitcha leya. Popeza maleyawo sanamatane, munthu angathe kusuntha limodzi osakhudza anzake, ndipo apa ndi pamene pagona chinsinsi cha makatuni ambiri. Koma vuto limabuka pamene chithunzicho chichoka m'pulogalamu imene chinajambulidwira kupita m'pulogalamu ina yochiyendetsa. Ngati wosamutsayo sasamala, maleya onse amafika atamatana monga zithunzi za pamwala zija, ndipo ntchito ya milungu itatu imatha tsiku limodzi. M'nkhani ino tiona m'mene mungapeŵere tsoka limeneli.

Kodi nkhaniyi itikhudza bwanji?

Mwina wina wa ku Vubwi, Sinda kapena Katete angafunse kuti, kodi za makatuni si za anthu a maiko akutali? Taonani chitsanzo ichi. M'mwezi wa July 2023 kampani ya Netflix inayamba kuonetsa katuni wotchedwa Supa Team 4, wonena za atsikana anayi a mumzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Amene anayambitsa nkhaniyo ndi Malenga Mulendema, mwana wa Zambia, amene anasankhidwa m'chaka cha 2015 pampikisano wa olemba nkhani wokonzedwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Maonekedwe a atsikanawo anajambula ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo ntchito yonse inagwiridwa mogwirizana ndi kampani ya Cake ya ku London. Ngakhale katuni ameneyu anapangidwa mwa njira yapamwamba kuposa imene tifotokoze pano, akutiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: katuni amadutsa m'manja ambiri ndi m'makina ambiri asanafike pamaso pa oonera.

Zimenezi nzoona ngakhale kwa mnyamata kapena mtsikana wa m'boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza m'chaka cha 2012. Iye angajambule pafoni madzulo kunyumba, nkukayendetsa chithunzicho pakompyuta ya kusukulu, kenaka nkutumiza kwa mnzake wa ku Chipata kuti akaikemo mau. Ana athu amaonera makatuni olankhula zinenero za eni, pamene nthano za Kalulu, Fisi ndi Kamba zikudikira wozijambula. Amene adzazijambule ayenera kuyamba wadziŵa kunyamula ntchito yake osaitaya panjira.

M'mene chithunzi chimayendera

Chithunzi sichiyenda ayi. Chimene chimachitika nchakuti zithunzi zambiri zosiyana pang'onopang'ono zimaonetsedwa motsatizana mofulumira, ndipo diso limaona ngati chinthu chikuyenda. Chithunzi chilichonse mumndandandawo chimatchedwa felemu. Kanema wa m'nyumba zoonetsera mafilimu amaonetsa mafelemu 24 pasekondi imodzi. Wailesi yakanema ya kuno kwathu imatsata mafelemu 25. Chotero katuni wa masekondi 30 okha afuna mafelemu 750. Ojambula ambiri amachepetsa ntchito mwa kuonetsa chojambula chimodzi kaŵiri, koma ngakhale atatero zojambula 375 zimafunikabe.

Tsono taganizani mutati mujambule mudzi wonse, nyumba, mitengo, nkhokwe ndi mapiri, maulendo 375, pamene chimene chikuyenda ndi dzanja limodzi lokha. Vuto limeneli linasautsa oyambitsa ntchitoyi. M'chaka cha 1914 Earl Hurd wa ku America analembetsa njira yojambula anthu pamapepala oonekera, amene ankaikidwa pamwamba pa chithunzi chimodzi cha malo chosasintha. Ku Germany, Lotte Reiniger anadula zidole za mapepala okhuthala, nalumikiza ziŵalo zake ndi timawaya, nazisuntha pang'onopang'ono pansi pa kamera. Filimu yake ya nkhani ya Prince Achmed inatuluka m'chaka cha 1926, ndipo ndiyo yakale koposa mwa makatuni aatali amene alipobe. Maleya a pakompyuta, amene pulogalamu ya Photoshop inayamba kukhala nawo m'chaka cha 1994, ndi zidzukulu za njira ziŵiri zimenezi.

Chifukwa chake pulogalamu imodzi siikwana

Mmisiri wosema mtondo amagwetsa mtengo ndi nkhwangwa, koma posalaza amatenga kasemasema. Mapulogalamu nawonso ali ndi ntchito zosiyana. Ojambulira ndi monga Krita ndi GIMP pakompyuta, kapena ibisPaint pafoni. Oyendetsera ziŵalo ndi monga Synfig, OpenToonz ndi Blender. Wokonzera mau ndi Audacity, ndipo olumikizira zithunzi ndi mau ndi monga Kdenlive ndi Shotcut. Onse a pakompyuta amene tatchulaŵa ngaulere, ndipo akaikidwa m'makina amagwira ntchito popanda intaneti. Musawapeputse chifukwa chosagulidwa. OpenToonz, imene inaperekedwa kwaulere m'chaka cha 2016, inachokera ku pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito a Studio Ghibli ku Japan. Filimu ya Flow ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia, imene inapambana mphotho ya Oscar m'chaka cha 2025, inapangidwa ndi Blender.

Nzoona kuti Krita, kuyambira m'chaka cha 2016, imathanso kuyendetsa zojambula felemu ndi felemu. Koma wofuna kujambula munthu kamodzi kokha nkumangopinda ziŵalo zake, monga ankachitira Reiniger, afunika kusamukira ku pulogalamu ina.

Kukonzekera ulendo chithunzi chisanayambe

Tiyeni titenge chitsanzo chimene aliyense wa ife amachidziŵa: mayi akusinja chimanga pabwalo, katuni wa masekondi 10. Musanajambule mzere ngakhale umodzi, gamulani zinthu zitatu ndipo muzilembe papepala.

Choyamba ndi kukula kwa chithunzi. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Muyeso wofala ndi mapikiselo 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, amene pamodzi ndi timadontho 2,073,600. Leya imodzi yodzaza ya muyeso umenewu imatenga malo okwana pafupifupi 8 MB pamene makina akuigwiritsa ntchito, kotero kuti maleya 30 angafike pafupi ndi 250 MB. Ngati foni kapena kompyuta yanu njofooka, sankhani 1280 ndi 720, muyeso umene kulemera kwake sikufika theka la woyambawo, koma umaoneka bwino ndithu pafoni. Chachiŵiri ndi chiŵerengero cha mafelemu pasekondi. Ife titenga 25. Chachitatu ndi kasakanizidwe ka mitundu: sankhani sRGB, wa zinthu zoonetsedwa pasikirini, osati CMYK, umene uli wa makina osindikizira mabuku. Zitatu zimenezi zikhale zofanana m'pulogalamu iliyonse imene mudzatsegula.

Tsopano gaŵani chithunzicho. Lamulo lake nlakuti chilichonse chimene chidzayenda pachokha chikhale ndi leya yakeyake. Kuyambira pansi kupita pamwamba, mungasanje motere: thambo ndi mapiri, nyumba ndi nkhokwe, mkono wakutali wa mayiyo, thunthu ndi chitenje, mutu, mtondo, munsi, mkono wapafupi, pomaliza nkhuku imene ikutola gaga patsogolo. Mkono uliwonse muugaŵe paŵiri, kumtunda ndi kumunsi kwa chigongono, pakuti pamenepo mpamene udzapindika.

Koma pali msampha umodzi umene woyamba kumene sauona. Munsi umaloŵa m'kati mwa mtondo. Mukaika leya ya munsi pamwamba pa mtondo, munsiwo udzaoneka ukutsetsereka kunja kwa mtondo. Mukaiika pansi, udzaoneka ukugwera kuseri. Mankhwala ake ndi kugaŵa mtondo womwewo paŵiri: mlomo wakumbuyo pamodzi ndi chimanga zikhale leya imodzi, khoma lakutsogolo likhale leya ina, ndipo munsi uyende pakati pa ziŵirizo. Mukamvetsa za mtondo umenewu, mwamvetsa nzeru yonse ya maleya, pakuti nchimodzimodzi ndi dzanja loloŵa m'thumba, mwana wotuluka pakhomo, kapena Kalulu wothaŵira kuuna.

Msampha wina ndi wa zobisika. Pachithunzi choima, mkono umabisa mbali ya chifuŵa, ndipo wojambula amaona ngati palibe chifukwa chopaka utoto pamalo osaoneka. Koma mkonowo ukadzakwera, pachifuŵa padzatsala chiboo. Chotero malizani kujambula thunthu lonse ngati kuti mkono palibe, malizani khoma la nyumba ngati kuti mayiyo palibe. Ndiponso pamfundo iliyonse, papheŵa, pachigongono ndi pakhosi, chiŵalo chithere mozungulira ndipo chiloŵe pang'ono pansi pa chinzake, kuti pozungulira pasatseguke mpata.

Pomaliza, patsani leya iliyonse dzina lomveka, ndipo dzinalo liyambe ndi nambala yosonyeza malo ake: 01_thambo, 02_nyumba, 06_mtondo_kumbuyo, 07_munsi, 08_mtondo_kutsogolo. Mafayilo akatuluka m'pulogalamu amadzisanja motsata maina, ndipo manambalawo ndiwo adzakumbutse mnzanu chimene chili pansi ndi chimene chili pamwamba. M'maina a mafayilo peŵani mipata ndi zilembo zachilendo monga ŵ, pakuti makina ena amazisokoneza.

Zotengera zonyamuliramo

Fayilo ili ngati chotengera. Dengu ndi labwino pa chimanga koma silisunga madzi. Pulogalamu iliyonse ili ndi chotengera cha kwawo: Krita imasunga mu KRA, GIMP mu XCF, Photoshop mu PSD. Chotengera cha kwawocho chimasunga zonse osataya kanthu, koma kaŵirikaŵiri pulogalamu ina siitha kuchitsegula bwino. Fayilo imeneyi ndiyo mbewu yanu. Muisunge, musaisinthe chifukwa cha ulendo. Zonse zokonzekera kusamuka muzichitira pakope lake.

Njira yoyamba yosamutsira ndi PSD. Ngakhale kwawo ndi ku Photoshop, mapulogalamu ambiri anaphunzira kuiŵerenga: Krita, GIMP ndi ibisPaint zimatha kuitulutsa, ndipo OpenToonz imatha kuiloŵetsa ndi maleya ake. Koma amaiŵerenga monga mlendo amene waphunzira chinenero ali wamkulu: mau wamba amamva, miyambi imamphonya. Maleya wamba amafika bwino, koma zokometsera zapadera zingasinthe kapena kusoŵa.

Njira yachiŵiri ndi ORA, chotengera chimene opanga mapulogalamu aulere anagwirizana kuti azipatsirana nacho zithunzi zosanjikiza. M'kati mwake muli chithunzi cha leya iliyonse pachokha pamodzi ndi kalata yonena dzina, malo ndi dongosolo la maleyawo. Pakati pa Krita ndi GIMP njirayi ndi yabwino, koma si mapulogalamu onse oyendetsera amene amailandira.

Njira yachitatu, imene ili yochedwa koma yosalephera, ndiyo kutulutsa leya iliyonse payokha monga fayilo ya PNG. Ubwino wa PNG ngwakuti kadontho kalikonse kamasunga zinthu zinayi: kufiira, kubiriŵira, mtundu wa buluu, ndi muyeso wa kuonekera kwake. Chachinayichi ndicho chimachititsa kuti pozungulira munsi pakhale poonekera ngati galasi. Palibe pulogalamu yoyendetsera imene imakana PNG. Mu Krita muli chida chotchedwa Export Layers chimene chimatulutsa maleya onse nthaŵi imodzi.

Chotengera chimene muyenera kuchiopa ndi JPEG. Ichi nchabwino pa zithunzi za kamera, koma sichidziŵa maleya ndipo sichidziŵa kuonekera. Munsi wosungidwa mu JPEG umafika uli m'bokosi loyera kapena lakuda limene limabisa zonse za kumbuyo. Chenjeraninso ndi WhatsApp: mukatumiza chojambula monga chithunzi wamba, iye amachichepetsa nkuchisandutsa JPEG osakufunsani. Mangani mafayilo onse mu ZIP ndipo muwatumize monga Document, kapena muwanyamule pafulashi. GIF nayonso siyenera pantchito yosamutsa, popeza imasunga mitundu 256 yokha. Ndiponso GIMP potulutsa GIF yoyenda imatenga leya iliyonse ngati felemu, kotero kuti m'malo moona mayi akusinja mudzaona thambo, kenaka nyumba, kenaka mutu wopanda thunthu, zikuphethira motsatizana.

Zimene zimatayika panjira

Pali zinthu zinayi zimene zimaonongeka kaŵirikaŵiri, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake.

Choyamba ndi malo. Mapulogalamu ena potulutsa leya amadula mbali zonse zopanda kanthu nkusiya kachithunzi kakang'ono ka chinthucho chokha. Tizithunzi totere tikaloŵa m'pulogalamu yachiŵiri tonse timaunjikana pakati, mutu pamimba, munsi padenga, ndipo mumataya tsiku lonse kubwezera chilichonse pamalo pake mongoyerekeza. Tulutsani leya iliyonse pamuyeso wa chithunzi chonse, ngakhale chojambulidwacho chikhale diso lokha. Mafayilowo akasanjikizidwa, chilichonse chimagwera pamalo pake chokha.

Chachiŵiri ndi mithunzi ndi kuŵala. Ojambula amakonda kuika mthunzi paleya yapadera imene amaiuza kuti idetse zimene zili pansi pake, mwa lamulo lotchedwa Multiply. Lamulo limeneli si utoto ayi, ndi malangizo chabe, ndipo PNG siinyamula malangizo. Mthunziwo umafika ngati chigamba cha utoto wotuŵa pankhope pa mayi. Nchimodzimodzi ndi zophimba zobisa mbali ya leya, ndi zosintha mitundu. Pakope la ulendo lija, phatikizani mthunzi uliwonse ndi chiŵalo chake: mthunzi wa mkono uloŵe mumkono, wa mutu uloŵe m'mutu. Samalani kuti musaphatikize ziŵalo ziŵiri zoyenda mosiyana. Mthunzi wa pansi, umene udzasuntha pamodzi ndi munthu, muujambule ndi utoto wakuda woonekera pang'ono, pakuti umenewo PNG imanyamula bwino.

Chachitatu ndi malemba. Mutu wa katuni wolembedwa ndi mtundu wina wa zilembo umadalira kuti mtunduwo ukhalemo m'makina. Kompyuta ya mnzanu ikakhala ilibe, imaikapo zilembo zina, ndipo mau amasefukira kunja kwa malo ake. Sandutsani malembawo akhale chithunzi musanasamuke.

Chachinayi ndi kamzere koyera kozungulira chinthu. Kameneka kamabwera makamaka pamene munajambula papepala, nkulijambula ndi kamera, nkufufuta pepalalo mosamaliza. Pamwamba pa zoyera sikaoneka, koma chinthucho chikaima patsogolo pa khoma lofiirira kamaonekera poyera. Musanatulutse, ikani leya yakuda pansi pa zonse kwa kanthaŵi, muone m'mphepete mwa chiŵalo chilichonse, mukonze, kenaka muichotse.

Malangizo oposa onseŵa ndi aŵa: yesani njira yonse ndi kanthu kakang'ono. Tsiku loyamba jambulani maleya atatu okha, mtondo wakumbuyo, munsi ndi mtondo wakutsogolo, ngakhale mosakongola. Asamutseni, ayendetseni kwa sekondi imodzi, atulutseni, muwaonere pafoni. Woyenda ulendo wa m'dzinja amayamba wafunsa ngati mtsinje ukuoloka asanasenze katundu.

M'pulogalamu yoyendetsera

Musanaloŵetse kanthu, konzani muyeso wa chithunzi ndi mafelemu 25 aja. Kenaka loŵetsani mafayilo motsata manambala ake. Ntchito yoyamba ndi kusonyeza makina pamene chiŵalo chilichonse chidzazungulira. Makina akasiyidwa okha amazungulitsa chinthu pakati pake, ndipo mkono umazungulira ngati chipupa cha chigayo cha mphepo. Sunthani mfundoyo ifike papheŵa, ya mkono wakumunsi ifike pachigongono, ya mutu ifike pakhosi. Ntchito yachiŵiri ndi kulumikiza ziŵalo monga mwana ndi kholo: mkono wakumunsi utsate wakumtunda, wakumtunda utsate thunthu, kuti thunthu likaŵerama zonse ziŵerame nalo. Mu Synfig ndi Blender ntchitoyi ingachitike ndi zimene amazitcha mafupa.

Tsono simufunika kukonza felemu iliyonse. Mumangoika zizindikiro pamafelemu ofunika, makina nkudzaza pakati. Apa ndi pamene kudziŵa kwanu moyo wa kumudzi kumaposa makina. Munsi sukwera ndi kutsika paliŵiro limodzi. Umakwera mwapang'onopang'ono chifukwa ngwolemera, umaima kamphindi m'mwamba, kenaka umagwa mwamphamvu. Pamafelemu 25 a kusinja kumodzi, yesani kupatsa 12 kukwera, 3 kuima, 5 kutsika, ndi 5 kupuma mumtondo. Thunthu liongoke pokweza, liŵerame potsitsa, mutu utsatire mochedwerapo pang'ono. Kusinja kumodziko mukakubwereza kakhumi, masekondi 10 akwana. Musanakhulupirire manambala athuŵa, pitani mukaone amayi akusinja, muŵerenge nokha.

Dziŵaninso kuti mapulogalamu ambiri oyendetsera ndi olumikizira sameza zithunzi zanu. Amangokumbukira njira yopita kumene zili. Mukanyamula fayilo ya ntchito yokha kupita pakompyuta ina, mudzapeza mabokosi opanda kanthu. Chotero pangani foda imodzi yaikulu ya katuni yense, m'kati mwake mukhale mafoda a zojambula, a maleya otulutsidwa, a mafelemu ndi a mau. Posamuka nyamulani foda yonseyo, ndipo musasinthe dzina la fayilo imene yaloŵetsedwa kale. Chizoloŵezi chimenechi chili ndi phindu linanso: mukafuna kukonza nkhope ya mayiyo, mumabwerera ku fayilo ya mbewu ija, nkutulutsa mutu watsopano ndi dzina lomwe lija, ndipo kayendedwe konse kamene munakonza kamakhalabe.

Kutulutsa mafelemu ndi kuika mau

Mukamaliza kuyendetsa, musafulumire kutulutsa vidiyo. Tulutsani mndandanda wa zithunzi za PNG, felemu iliyonse fayilo yake, kuyambira 0001 kufikira 0250. Maziro a kutsogolowo ngofunika, pakuti popanda iwo makina ena amaika 10 patsogolo pa 2. Chifukwa chachikulu chochitira zimenezi tonse timachidziŵa. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku m'dziko lonse la Zambia, ndipo wodalira sola amadziŵa m'mene batire limathera mwadzidzidzi kukachita mitambo. Vidiyo ikadukira pakati, kaŵirikaŵiri yonse imaonongeka. Koma mndandanda wa zithunzi ukadukira pa felemu 180, maŵa mudzayambira pa 181. Ndiponso ngati cholakwa chili pamafelemu khumi okha, mumakonza khumi omwewo.

Mau mungawatenge ndi foni pafupi ndi mtondo weniweni, mutapempha chilolezo kwa eni ake, ndipo ngati akuimba nyimbo ya pamtondo muwauze kumene idzamveka. Mu Audacity dulani phokoso losafunika, musunge monga WAV. M'pulogalamu yolumikizira loŵetsani mndandanda wa mafelemu ndi mauwo. Malinga ndi kaŵerengedwe kathu, munsi umagunda pa felemu 20, kenaka 45, kenaka 70, ndipo kugunda kwa mau kugwere pomwepo.

Pano mpamene kuiŵala chiŵerengero cha mafelemu kumalanga. Mafelemu 250 pa 25 pasekondi ndi masekondi 10. Koma pulogalamu yolumikizira ikawaŵerenga pa 30 pasekondi, amatha m'masekondi 8 ndi kachigaŵo, ndipo mtondo umapitiriza kulira mayi atasiya kale kusinja. Mukaona mau akutsalira pang'onopang'ono, musayambe kuwaduladula. Yambani mwaona chiŵerengerocho. Zonse zikagwirizana, tulutsani vidiyo ya MP4, imene mafoni ambiri amaonetsa, ndipo muionere pafoni ina, osati pamakina amene munapangira.

Kusunga ndi kugwirizana

Fayilo imene ili pamalo amodzi okha ili ngati mbewu yonse yosungidwa m'nkhokwe imodzi. Tsiku lililonse mukaŵeruka koperani foda ya ntchito pafulashi kapena pamemori khadi, ndipo isagone m'thumba limodzi ndi foni. Posunga musafufute ya dzulo. Onjezerani nambala, kusinja_01, kusinja_02, kuti mukalakwitsa lero mukhale ndi pobwerera. Kompyuta ya pasukulu imagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, ndipo chimene mwasiya Lolemba mwina Lachisanu sichidzakhalapo.

Ngati mukugwira ntchito pagulu, monga kalabu ya pasukulu, ikani m'fodamo kakalata konena muyeso wa chithunzi, mafelemu pasekondi, mndandanda wa maleya, pamodzi ndi chithunzi chimodzi chathunthu chosonyeza m'mene zonse ziyenera kuonekera. Wolandira akasanjikiza maleya, afanizire ndi chithunzicho. Mutu umodzi susenza denga, koma osenza denga ayenera kumvana kuti anyamula liti ndipo aloŵera kuti.

Tsono, aŵerengi, mfundo zoti musunge ndi izi. Gamulani muyeso, mafelemu ndi mitundu musanajambule. Chilichonse choyenda chikhale paleya yake, chojambulidwa chathunthu, chokhala ndi dzina ndi nambala. Fayilo ya mbewu isakhudzidwe. Posamuka dalirani PNG ya muyeso wathunthu, ndipo muthaŵe JPEG. Nyamulani foda yonse, tulutsani mafelemu musanatulutse vidiyo, ndipo yesani njira ndi kanthu kakang'ono poyamba.

Musayambe ndi nthano yonse ya Kalulu ndi Njovu. Yambani ndi masekondi 10 a mtondo ndi munsi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene wayendetsa munsi bwino mwezi uno, mwezi wamaŵa adzayendetsa Kalulu, ndipo ana a ku Vubwi adzamumva akulankhula m'chinenero chimene agogo awo amawasimbira nacho nthano.